MFUTI SI CHIDOLE: MAU A NTHAMBI YATHU YA MATANDANI



Pa msonkhano wathu wapitawu panabuka nkhani imene inadya nthawi kuposa ya feteleza ndi ya mlatho. Mmodzi wa anyamata athu, amene wakhala zaka zingapo pa nchito ku Johannesburg nabwerako ndi kangachepe m'thumba, anaimirira nanena kuti afuna kugula mfuti. Sanati ya anyani, sanati ya akuba ai. Anati afuna mfuti yamakono, ija yodzilonga yokha zipolopolo, kuti pa tsiku lopuma iye ndi anzake azipita kuseri kwa phiri kukaombera zitini ndi mabotolo, monga anaona mabwana ake akuchita ku Joni. Ndipo anapempha kuti akuluakulu a nthambi akamchitire umboni kwa a mfumu ndi kupolisi kuti ndi munthu wa makhalidwe abwino.

Anthu anagawikana. Anyamata ambiri anaomba m'manja, amai anang'ung'udza, ndipo madoda anangoti chete kuyang'ana pansi. Popeza dzuwa linapendeka tisanamange mfundo, komiti inatituma kuti tilembe maganizo athu muno, kuti yense awerenge ali phee kwao, ndi kuwawerengera anzake amene maso awo sagwira zilembo.

Tiyambe ndi kunena kuti mnyamatayo tilibe naye chifukwa. Timdziwa, ndipo makolo ake tiwadziwa. Si wakuba, si chidakwa, ndalama zake ndi za thukuta lake. Anachita bwino kubwera nayo nkhaniyi poyera, pakuti wina akadangopita kumalire usiku nakagula ya m'thumba la chimanga. Komabe yankho lathu ndi lakuti ai, nthambi isachite umboni umenewo. Tamverani zifukwa zake.

MFUTI YAKE NJOTANI?

Ambiri a ife mfuti imene tiidziwa ndi gogodela ya agogo athu. Mlenje ankathira onga kukamwa kwa mfuti, natsindira, naikamo chipolopolo, natsindiranso, ndipo akaomba kamodzi basi yatha, ayambirenso poyamba. Pambuyo pake panabwera mfuti za alenje zimene munthu amakoka chitsulo ndi dzanja kuti chigoba chopanda kanthu chituluke ndi kuti china chilowe. Koma imene afuna mbale wathuyi nchito yonseyo imachita yokha. Mphamvu ya chipolopolo chimene chaphulika ndiyo imataya chigoba ndi kulonga china, kotero kuti munthu angokhethemula ndi chala, kukhethemulanso, kukhethemulanso, kufikira kabokosi ka zipolopolo 10, 20 kapena 30 katatha. Isiyana ndi ya asilikali pa chinthu chimodzi chokha: ya asilikali imalira osaleka chala chikadali chogwira, pamene iyi ifuna kukhethemula pa chipolopolo chilichonse. Kwa munthu amene waima kutsogolo kwake, kusiyana kumeneko nkochepa ndithu.

Taganizani za nthawi ija mlenje ankataya potsindira onga. Inali nthawi yakuti mtima wa munthu wokwiya utsike, yakuti abale amgwire mkono, yakuti wolakwiridwa kapena wolakwa athawire m'chimanga. Mfuti yodzilonga yokha inachotsa nthawi imeneyo. Anaipanga dala kuti pasakhale kupuma pakati pa chipolopolo ndi chinzake.

Tsono tifunse: kuseri kwa phiri kumene kulibe anthu ndi kuti kuno kwathu? Chipolopolo cha kamfuti kakang'ono kwambiri, kamene amakatcha .22, chikaphonya chitha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, ndipo cha mfuti yaikulu chimapitirira makilomita awiri. Chikagunda mwala chimanjanja ndi kulowera kumene mwini wake sanalozeko. Kuno ku Matandani phiri lililonse lili ndi munda wa mbatata kapena wa chimanga m'mbali mwake, m'khwawa muli dimba, m'tchire muli amai otola nkhuni ndi ana oweta mbuzi, ndipo m'tinjira mumadutsa ana a sukulu ya pa mishoni, imene a Seventh-day Adventist anaikhazikitsa pano m'chaka cha 1908. Kumene mnzathuyu anaona masewerawa kuli mabwalo omangidwira nchito yomweyo, okhala ndi mpanda, ndi chulu chachikulu cha dothi chogwira zipolopolo, ndi kapitao woyang'anira. Iye anaona chisangalalo chake, koma mpanda ndi kapitao sanabwere nazo m'chikwama.

Ndipo ngozi itachitika m'mwezi wa February, mvula ili pakati, misewu ya kumapiri kuno ili thope lokhalokha, mwana wolasidwa m'mimba adzafika nthawi yanji ku chipatala cha pa boma la Neno, ndipo akamtumiza ku Gulupu ku Blantyre adzafika ali moyo kodi? Amai amene anang'ung'udza pa msonkhano paja ndiwo anawerenga bwino mtunda umenewu.

ZIMENE DZIKO LINO LAONA

Anyamata ena anati, nthawi ya atsamunda Mzungu yekha ndiye ankaloledwa mfuti yabwino, munthu wakuda ankamsiyira gogodela. Nanga ufulu tinaulandirawu ngwachiani ngati tidzimananso tokha? Funso limeneli si lopusa, ndipo mbali yake yoyamba ndi yoona. M'chaka cha 1890 maiko a Azungu anapangana ku Brussels kuletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa. Ankati afuna kuthetsa ukapolo, koma lamulo lomwelo linawathandiza kuti mphamvu ikhale m'manja mwao mokha. Zimenezo sitiziiwala.

Koma tiyeni tiwerenge mbiri yonse, osati tsamba limodzi. Mfuti inalowa m'dziko muno pamodzi ndi goli. M'chaka cha 1861 David Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame, amene anthu onyamula mfuti ankapita nawo ku Tete. Amene anali ndi mfuti ankagwira mnansi wake kuti akagule onga wina, ndipo midzi ya m'mbali mwa Shire inasanduka mabwinja.

M'mwezi wa January 1915 anthu a John Chilembwe anapita usiku ku sitolo ya Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti. Anapeza zowerengeka, nkhondo inatha m'masabata awiri, ndipo Chilembwe mwini anaphedwa pa 3 February. Timlemekeza kaamba ka kulimba mtima kwake, koma si mfuti zija zimene zinatimasula. Pa 3 March 1959 Boma la atsamunda linalengeza za chisokonezo, ndipo m'masabata otsatira anthu oposa 50 anaomberedwa nafa, gulu lalikulu la iwo pa tsiku limodzi ku Nkhata Bay. Mfuti zonse zinali mbali imodzi. Koma m'mwezi wa August 1961 anthu a m'midzi, opanda nsapato ndi opanda mfuti, anaima pa mzere naponya voti, chitaganya chinagwa kumapeto kwa 1963, ndipo pa 6 July 1964 mbendera yathu inakwera. Chomwechonso pa 14 June 1993 ulamuliro wa chipani chimodzi unagonja ndi kapepala koponya m'bokosi. Kawiri konse amene anali ndi mfuti anagonja kwa amene anali ndi umodzi.

Ife a kuno sitifunikira kuuzidwa ndi mabuku, pakuti zina zinachitikira pa khomo pathu. M'mwezi wa October 1967 Yatuta Chisiza, amene anali nduna ya Boma kufikira mkangano wa nduna wa 1964, analowa ndi kagulu ka anthu a mfuti m'tchire za kuno kwa Mwanza ndi Neno, ndipo anafera komweko pomenyana ndi asilikali. Akuluakulu amene anali ana nthawi imeneyo akumbukira mantha amene anagwira midzi. Kuyambira 1977 kufikira 1992 nkhondo ya pachiweniweni inayaka ku Mozambique, kuseri kwa mapiri omwewa, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'Malawi. Ena tinawalandira ku Luwani, m'boma lathu lomwe lino. Msasa umenewo unatsekedwa mu 2007, nutsegulidwanso mu 2016 pamene kuombana kunabukanso ku Tete. Tinawaona akufika ndi mphika umodzi pamutu, ana kumbuyo, ng'ombe ndi nkhokwe atazisiya. Afunseni amenewo ngati kulira kwa mfuti ndi masewera.

Nkhondoyo itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, mfuti sizinathe nayo pamodzi. Zambiri za mtundu wa AK-47 zinakwiriridwa m'tchire, zina zinaoloka malire, ndipo m'zaka zotsatira zinagwera m'manja mwa achifwamba amene ankathyola masitolo ndi kuimitsa magalimoto. Pa nthawi yomweyonso, mu December 1993, asilikali a dziko lino analanda zida za a Payoniya pa nchito ija inatchedwa Bwezani, pakuti dziko linaona kuti gulu la chipani lokhala ndi mfuti zake ndi chilonda pa mtundu wonse.

Anzathu a ku Mozambique, amene mfuti aidziwa kuposa ife, anachita chinthu choti tiphunzirepo. Kuyambira 1995 mipingo ya kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inkalandira mfuti kwa anthu ndi kuwapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Iwo anapereka mfuti kuti alandire khasu ndi njinga. Kodi ife tigulitse khasu ndi njinga kuti tigule mfuti? Ndipo mu August 2001 atsogoleri a maiko a SADC anasainira mu mzinda wathu womwe wa Blantyre pangano lochepetsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo. Dziko limene linayalira mphasa pangano lotere lisakhale loyamba kusandutsa mfuti chidole.

KUMENE ANAYESA MASEWERAWA

Wina anati, nanga Azungu amene amasewera ndi mfuti zotere ngopusa? Si opusa ai, koma ena a iwo analira, nasintha maganizo. Ku Hungerford, m'dziko la Britain, mu 1987 munthu wina amene anali ndi ziphaso zonse za Boma ndiponso ankapita ku kalabu yoombera anapha anthu 16 tsiku limodzi, ndipo chaka chotsatira nyumba ya malamulo inaletsa mfuti zazikulu zodzilonga zokha. Ku Port Arthur, m'dziko la Australia, mu April 1996 anafa anthu 35. Boma linaletsa mfuti za mtundu umenewu niligula kwa eni ake zoposa 600,000 ndi kuziphwanya. Ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, pa 15 March 2019 munthu wa chiphaso anapha anthu 51 akupemphera m'mizikiti iwiri, ndipo mwezi usanathe nyumba ya malamulo inaletsa zambiri za mfuti zotere. Maiko olemera amenewa, okhala ndi apolisi ochuluka ndi zipatala pafupi, anaona kuti katunduyu wawalemera. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sitikunena kuti mbale wathuyu angachite zotere, Mulungu aletse. Tikunena kuti mfuti imakhala zaka zambiri kuposa mtima wabwino wa amene anaigula. Chitsulo sichikalamba msanga. Lero ili m'manja mwa munthu wodekha. Mawa iye wabwerera ku Joni, ndipo yatsala pansi pa bedi m'nyumba ya udzu kapena ya chitseko cha loko mmodzi. Mphwake aitenga kukaonetsa anzake. Mlamu aibwereka tsiku la ukwati kumene kuli kachasu. Mwini akamwalira, ana ailimbirana pamodzi ndi munda. Ndani mwa ife sanaonepo mkangano wa malire a munda umene unafika pa zikwanje? Ndani sanamvepo za mwamuna amene ngongole kapena za m'banja zinamzinga, nadzichotsera moyo? Tsiku loipa limafika pa khomo lililonse. Pamene pali chikwanje munthu amatsala ndi chipsera, akulu nakhala pansi kuweruza mlandu; pamene pali mfuti ya zipolopolo 30 pamatsala maliro.

Enanso anati ikakhalapo mfuti m'mudzi akuba adzaopa. Ife tiona mwina. Wakuba mbuzi akhoza kuopa, inde, koma chigawenga chenicheni chikamva kuti m'nyumba yakutiyakuti muli mfuti yamakono, ndiye chapeza chimene chinkafuna. Ndipo masewera a mabotolo aja ndiwo adzalengeza kwa dera lonse, pakuti mfuti ikalira kumapiri kuno imamveka mitsinje itatu.

ZA ANYANI NDI NYAMA

Tisanamizane: anyani ndi nguluwe zimatisautsa, ndipo mlimi amene wagona m'chisimba mwezi wathunthu kulondera chimanga ali ndi dandaulo lenileni. Amene afuna mfuti wamba ya nchito imeneyo, natsata lamulo la mfuti la 1967 limene lifuna kuti munthu akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi, natsatanso malamulo a za nyama, nkhani yake ndi ina, ndipo tikhoza kuikambirana pa yokha. Koma mnzathuyu sanatchule nyani. Ndipo tidziwa kuti munthu akatopa ndi zitini, diso limayamba kuyang'ana chimene chikuyenda: lero nkhwali, mawa gwape.

Kumusi kwa mtsinje wa Mkulumadzi, umene madzi ake amachokera kumapiri athu ano, kuli nkhalango ya Majete. Pofika 1992 njovu zonse za kumeneko zinali zitatha ndi mfuti. Zinatengera bungwe la African Parks, limene linayamba kuyang'anira malowo mu 2003, kuti libweretse njovu zina pa malole mu 2006 ndi mikango mu 2012. Kutha kunali kosavuta, kubwezera kunadya chuma ndi zaka. Ndipo kuyambira 2017 lamulo limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kwa wopha nyama zotetezedwa kwambiri. Mnyamata wobwereka mfuti ya mnzake akhoza kukalamba ali m'ndende.

ZA NDALAMA

Ndalama ndi zake, atero ena, achite nazo chimene afuna. Zoonadi sitingamlande. Akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha. Koma mwambi umenewu umanena za chinthu chimene chikafota chimapweteka mwini yekha. Nyanga ya nsatsi siipha mwana wa mnansi.

Ndiponso popeza anatifunsa, timlangize monga abale. Mfuti zotere ndi zipolopolo zake zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene dziko limazisowa pogula mankhwala, mafuta ndi feteleza. Mu November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo tonse tinaona mmene mitengo ya katundu wakunja inalumphira. Chipolopolo chilichonse chopita m'botolo ndi ndalama yotenthedwa, yosabala kanthu. Ndalama yomweyo ikhoza kugula pampu ya dzuwa yothirira dimba chilimwe chonse, kapena njinga yamoto yotsitsira mbatata ndi manachesi kumsika, kapena malata, kapena mbuzi, kapena kulipira mlongo wake sukulu kufikira atamaliza. Munthu amene anagona m'kachipinda ka anthu asanu ku Joni, nathawa apolisi ndi achifwamba a kumeneko, asabwere kudzaombera thukuta lake m'mwala.

Pali chinthu chimodzi chimene anyamata ananena chimene tichivomera ndi mtima wonse: kuno kumudzi zosangalatsa nzochepa, ndipo mnyamata akaweruka kumunda amangoona bawo ndi mowa. Pamenepo ife akulu talephera, ndipo tivomera. Koma mankhwala ake si mfuti. Bwalo la mpira lifuna kusalaza, timu ifuna mipira ndi yunifolomu, atsikana afuna bwalo la nchembere mbaye. Amene akonda kulasa chandamale, uta ndi mivi ya makolo athu ilipo, ndipo kuponya mivi ndi masewera amene maiko amapikisana pa Olympics. Amene mtima wake uli pa mfuti penipeni, khomo la usilikali, la upolisi ndi la alonda a nkhalango nlotsegula. Kumeneko adzaigwira ndi mwambo, pansi pa lamulo, potumikira mtundu.

DZINA LA NTHAMBI

Chotsiriza ndi ichi, ndipo atsogoleri achimvetse. Ife ndife gulu la ndale. Chimene tichitira umboni chimakhala pa dzina lathu. Nthawi ya chisankho mitima imatentha, anyamata a mbali iyi ndi iyo amatukwanizana pa msika. Pakamveka kuti membala wa nthambi ya Matandani ali ndi mfuti yodzilonga yokha, ndi kuti anyamata athu amaphunzira kuomba kuseri kwa phiri, ndani adzakhulupirira kuti ndi masewera? Otsutsana nafe adzati tikukonza nkhondo, ndipo ena a iwo adzafuna yao. Gogo amene amabwera ku msonkhano wathu momasuka adzayamba kubwera ndi mantha, kapena kuleka. Mphamvu yathu yonse ili pa ichi, chakuti munthu akhoza kutitsutsa pa bwalo napita kwao kukagona tulo.

Chotero tikupempha msonkhano ukudzawu kuti uvomereze mfundo izi.

Choyamba, nthambi isachitire umboni munthu aliyense wofuna mfuti yosewerera, kaya ndi membala wamba, kaya ndi wa m'komiti.

Chachiwiri, pa msonkhano uliwonse wa nthambi pasaoneke chida, kaya mfuti, kaya chikwanje, kaya mpeni wa m'chiuno.

Chachitatu, amene adziwa kumene kuli mfuti yopanda chiphaso, kapena yokwiriridwa kuyambira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, auze a mfumu ndi apolisi. Ana akapeza chitsulo chachilendo m'tchire asachigwire, akaitane akulu.

Chachinai, tilimbikitse magulu a chitetezo cha m'mudzi mogwirizana ndi mafumu ndi apolisi, kuti wakuba aope mudzi wogalamuka.

Chachisanu, komiti ya achinyamata ibwere ndi ndondomeko ya bwalo la mpira ndi masewera ena, ndipo akulu tisonkhe, wina ndalama, wina khasu, wina tsiku la nchito.

Kwa inu achimwene amene munabweretsa nkhaniyi, musatenge mau awa ngati chitonzo. Munafunsa, ndipo wofunsa sadya phula. Mpando wanu pa msonkhano ulipo, ndipo ngati muona kuti talakwa, bwerani mudzatitsutse pamaso pa onse. Tidzakumverani kufikira mutamaliza. Koma tikupemphani kuti musanabwere mukakhale pansi ndi amai anu, ndi mmodzi wa akulu amene anaona 1967, ndi mmodzi wa iwo amene anafika ku Luwani ndi mphika pamutu. Mukamva zao, mudzatiuze ngati mukadafunabe kuti ana a Matandani azolowere kulira kwa mfuti.

Khalani bwino nonse, ndipo tidzaonane pa msonkhano. Aliyense abwere ndi mnzake.

Ife anu pa nchito ya dziko,
Komiti ya Nthambi, Matandani